Tiziyeza ngalande za m'fakitale anthu asanadwale

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya zakudya za m'mafakitale. Ine ndinagwirapo ntchito pa fakitale ina ya yogati ndi chambiko, mbali yotsuka makina, ndiye zina ndikunenazi ndinaziona ndekha.

Panali nthawi ina katundu wathu ankangofufuma m'mabotolo deti isanakwane. Titsuke mapaipi ndi kositiki, tithire madzi otentha, masabata awiri zili bwinobwino kenako zayambiranso. Masampulo akapita ku labu yankho limabwera lomwelomwelo, muli tizilombo, basi. Tachokera kuti? Palibe akudziwa. Ndiye mlandu unkagwera alimi obweretsa mkaka, mawa lake ife akuti sitisamba m'manja, mpaka mnzathu wina anachotsedwa ntchito ndipo mpaka lero zimandiwawa, chifukwa patapita miyezi anadzapeza kuti vuto linali kalabala kong'ambika polumikizira paipi, tizilombo tinamanga mudzi mmenemo moti sopo samafikamo.

Kuyeza kwa masiku onse kuja kumangokuuzani kuti munthuyu ndi Phiri, koma a Phiri alipo mbwee. Kuwerenga DNA yonse ya kachilombo, kutanthauza chidindo cha chibadwa chimene chamoyo chilichonse chimatengera kwa makolo ake, kumakuuzani kuti ndi Phiri wa mudzi uti, wobadwa kwa ndani. Mukapeza kuti kachilombo ka m'botolo la lero ndi kamodzimodzi ndi kamene munakapeza mu ngalande miyezi 6 yapitayo, mwadziwa kuti si mlendo wobwera ndi mkaka, ndi mwini nyumba, musiyeni mlimi mumasule makina. Komanso DNA yomweyo imatha kuonetsa ngati kachilomboko kali ndi mphamvu yopirira mankhwala ena otsukira, ndiye mumasintha mankhwala katundu asanaonongeke.

Amene akuona ngati ndi nkhani yongotaya yogati akumbuke za ku South Africa mu 2017 ndi 2018. Matenda a listeriosis, obwera ndi kachilombo ka m'zakudya kotchedwa Listeria, anagwira anthu oposa 1,000 ndipo oposa 200 anamwalira, ambiri mwa odwalawo anali makanda ongobadwa kumene chifukwa kachilombo ka Listeria kamadutsa kuchoka kwa mayi woyembekezera kupita kwa mwana. Miyezi inatha anthu akufa osadziwa matendawo akuchokera kuti. Akatswiri a NICD, bungwe lofufuza za matenda opatsirana ku Johannesburg, atawerenga DNA ya tizilombo tochokera kwa odwala anaona kuti pafupifupi tonse ndi ta banja limodzi, lotchedwa ST6, kutanthauza kuti gwero ndi limodzi. Ana a pa kireshi ina ku Soweto atadwala mu Januwale 2018 anayeza poloni yomwe anadya, ndipo njira inakathera ku fakitale ya Enterprise ku Polokwane komwe anakapezako ST6 yemweyo. Nduna ya zaumoyo ya dzikolo a Aaron Motsoaledi analengeza za gweroli pa 4 Marichi 2018, ndipo mukumbukira kuti ngakhale kuno poloni ndi masoseji ochokera kumeneko anachotsedwa m'mashopu. Abale athu angati ali ku Joni amene nkhomaliro yawo inali buledi ndi poloni?

Chimene chimandipweteka ndi ichi, sayansi inagwira ntchito yake koma inabwera maliro atachitika kale. Kachilombo kaja kanali m'fakitale nthawi yonseyo, kakanapezeka ndi kathonje kopukutira pansi ndi pa makina odulira nyama. Ndipo Listeria si ngati tizilombo tina, amaswana ngakhale m'filiji mozizira, ndiye musati poti ndasunga pozizira ndapulumuka ayi. Ku America mu 2015 ayisikilimu wa Blue Bell anapezeka ndi Listeria, atafananiza DNA anaona kuti anthu ena anadwala kuyambira 2010, zaka 5 chinthu chikubisala.

Ena anena kuti zimenezi nzodula, ife sitingakwanitse. Zoona si zotchipa koma si ngati kale, pano kuli timakina towerengera DNA ta kampani ya Oxford Nanopore tokwana m'dzanja tolumikiza ku laputopu, ndipo kuno kwathu anthu odziwa ntchitoyi alipo, ku bungwe la kafukufuku wa zaumoyo la Malawi-Liverpool Wellcome ku Blantyre akhala akuwerenga DNA ya tizilombo ta taifodi ngakhalenso ya Covid. Sikuti fakitale iliyonse igule makina ake. Chofunika nchoti a Malawi Bureau of Standards, a unduna wa zaumoyo ndi eni mafakitale a mkaka, nyama ndi majuwisi agwirizane malo amodzi otumizako masampulo, osati a katundu womalizidwa yekha koma a m'ngalande, pansi pa makina, m'matayala a ngolo zokankha, m'magumbutsu a antchito, ndipo zotsatira zizisungidwa kuti tsiku lina wodwala akafika ku Queens kapena ku Kamuzu Central madokotala athe kufananiza.

Ndikupemphanso mabwana a mafakitale, kachilombo kakapezeka mu ngalande musamakalipire wotsuka, mukatero mawa adzapukuta pamalo powala pokha kuti lipoti lituluke loyera. Amene amadziwa pomwe madzi amadikha ndi pomwe bulashi siifika ndi ifeyo otsuka, tifunseni tikuonetsani poti mupukute.

Wowerenga wanu,
ku Chirimba, Blantyre