Kalata kwa Akhristu a Mpingo Wathu: Za Mpumulo wa Ana a Mulungu

Okondedwa mwa Ambuye, abambo ndi amayi, agogo athu, achinyamata ndi inu a m'kalasi,

Chisomo ndi mtendere zochokera kwa Mulungu Atate ndi kwa Ambuye wathu Yesu Khristu zikhale nanu nonse, pamodzi ndi abale athu amene ali kutali ku Johannesburg, ku Harare ndi ku London, amene kalatayi iwapeza pa foni.

Mgonero wa Ambuye wayandikira, ndipo ine ndi akulu a mpingo takhala tikuyenda m'milaga. Mwatilandira ndi manja awiri, zikomo kwambiri. Koma pali mawu amene ndawamva m'makomo ambiri, ndipo andilemera mumtima mwakuti sindingakhale chete. Wina akuti, "Abusa, ulendo uno ndiyambe ndakhala, lonjezo langa la chitukuko sindinamalize." Wina akuti, "Ndidzabwera ndikakonza kaye moyo wanga." Winanso, misozi ili m'maso, akuti anasala kudya, anagona kuphiri, koma wodwala wake sanachire, ndiye mwina pemphero lake linachepa.

Amene akuyankhula izi si anthu aulesi ayi. Ndi omwe aja amafika oyamba pamaliro n'kuchoka omaliza. Ndi amayi a Chigwirizano amene amayenda mtunda kukazonda odwala, abambo amene anaumba njerwa za tchalitchi, achinyamata amene saphonya kwaya. Koma atopa. Kutopa kwa thupi kumatha ndi tulo. Uku n'kwa mumtima, kwa munthu amene amagona akudzifunsa kuti, kodi zimene ndachitazi zakwana kuti Mulungu andilandire? M'mawa amadzuka funso lili pomwepo.

Kwa anthu oterewa ndi kumene Ambuye Yesu anayankhula pa Mateyu 11:28: "Idzani kuno kwa Ine nonsenu akulema ndi akuthodwa, ndipo Ine ndidzakupumulitsani inu." Amene ankamumvera tsiku limenelo ambiri anali anthu opembedza, osenzetsedwa malamulo pamwamba pa malamulo ndi alembi ndi Afarisi. Sanawauze kuti ayambe achepetsa katundu wawo. Anawaitana ali chisenzere.

Tonsefe ganyu timamudziwa. Waganyu amapatsidwa ndime, amalima diso lili kwa mwini munda. Akamaliza amaima pambali kudikira kuti ntchito iyenderedwe, ndipo mizere ikapezeka yosapsa, malipiro amadulidwa. Tsiku limene wadwala palibe cholandira. Mwana wa pakhomo nayenso amalima, nthawi zambiri kuposa waganyu, pakuti munda ndi wa kwawo. Koma madzulo amasamba m'manja n'kukhala pa nsima osayamba wafunsa ngati mizere yake yakwana. Akadwala, mayi ake amamuphikira phala. Ambiri a ife tinabatizidwa ngati ana, koma tikukhala m'nyumba ya Atate ndi mtima wa waganyu.

Kumbukirani mwana wolowerera pa Luka 15. Ali m'njira yobwerera kwawo anakonza mawu oti akanene, ndipo mawu ake omaliza anali opempha kuti bambo ake amuyese ngati mmodzi wa antchito awo olipidwa. Ankafuna kukabweza ngongole ndi thukuta. Werengani bwino ndime 21 ndi 22. Mawu amenewo sanafike powatchula. Bambo aja anali ataitanitsa kale mwinjiro wokometsetsa, mphete ndi nsapato. Amene anatsala panja ndi mkwiyo ndi mkulu wake, amene ankawerenga zaka zimene anagwirira bambo ake ntchito ngati kapolo. Anakhala pakhomo masiku onse, koma sanadziwe kuti zonse za bambo ake zinali zake.

Mtumwi Paulo akunena mosapita m'mbali pa Aefeso 2:8-9: "Pakuti muli opulumutsidwa ndi chisomo chakuchita mwa chikhulupiriro, ndipo ichi chosachokera kwa inu: chili mphatso ya Mulungu, chosachokera kuntchito, kuti asadzitamandire munthu aliyense." Pa Aroma 4 akuwonjezera kuti wogwira ntchito malipiro ake sawerengedwa chisomo koma mangawa. Ndiye tidzifunse: kodi ndani wa ife angamukongoze Mulungu? Abrahamu anayesedwa wolungama pa Genesis 15:6 chifukwa anakhulupirira lonjezo, mdulidwe usanabwere, Isake asanabadwe, malamulo a Mose asanaperekedwe. Wachifwamba wa pamtanda uja manja ndi miyendo yake zinali zokhomedwa. Sakanatha kupereka chakhumi, kubweza zimene anaba, ngakhale kupita kumadzi a ubatizo. Anangotembenukira kwa Yesu n'kupempha kuti amukumbukire, ndipo analonjezedwa Paradaiso tsiku lomwelo.

Chifukwa chake n'chakuti ntchito imene ikanatiyanjanitsa ndi Mulungu inagwiridwa kale, ndipo woigwira anali wina. Ahebri 10:11-12 akutiwonetsa ansembe a chipangano chakale ali chiimire tsiku ndi tsiku, kupereka nsembe zomwezomwezo zimene sizingathe kuchotsa machimo. Koma Khristu atapereka nsembe imodzi anakhala pansi kudzanja lamanja la Mulungu. Anakhala pansi chifukwa panalibenso chotsala. Pamtanda anati, "Kwatha." Ukafuna kuwonjezerapo kusala kwako kapena chopereka chako kuti chikhululukiro chikwanire, ukunena kuti mwazi wa Mwana wa Mulungu unaperewera. Ndikudziwa kuti palibe mmodzi wa inu angayankhule zimenezi ndi pakamwa, koma mantha athu amaziyankhula.

Wolemba Ahebri yemweyo, pa mutu 3 ndi 4, akukumbutsa za Aisraeli amene anafika m'malire a Kanani, azondi 12 atapita n'kubwera, koma anthu anakana kulowa ndipo anazungulira m'chipululu zaka 40. Akuti sanathe kulowa chifukwa cha kusakhulupirira. Pomwepo akutiuza kuti mpumulo wa Sabata udakalipo wa anthu a Mulungu, ndi kuti amene walowamo wapumula kuntchito zake monga Mulungu anapumula ku zake. Mpumulo wathunthu tidzauwona kwathu kumwamba, koma khomo lake n'lotsegula lero kwa aliyense wokhulupirira.

Nkhondo ya mumtimayi si yathu yokha. Martin Luther analowa m'nyumba ya amonke ku Erfurt, m'dziko la Germany, m'chaka cha 1505. Anasala kudya, anachezera usiku m'mapemphero, ankaulula machimo kwa maola ambiri, koma mtendere sanaupeze, pakuti nthawi zonse ankaopa kuti pali tchimo lina limene waiwala. Chinamumasula ndi mawu a pa Aroma 1:17, akuti wolungama adzakhala ndi moyo ndi chikhulupiriro. Anazindikira kuti chilungamo chimene Mulungu amafuna, Mulungu yemweyo ndiye amachipereka mwa Khristu. N'chifukwa chake m'chaka cha 1517 ku Wittenberg anatsutsa malonda a zikalata zochotsera chilango cha machimo, zimene anthu ngati Johann Tetzel ankagulitsa kwa anthu osauka. Sindikunena izi kuti tinyoze abale athu a Katolika amene timalira nawo maliro limodzi. M'chaka cha 1999 ku Augsburg, iwo ndi a mpingo wa Lutheran anasainira pamodzi chikalata chovomereza kuti timalandiridwa ndi Mulungu mwa chisomo chokha, pokhulupirira ntchito yopulumutsa ya Khristu, ndipo mgwirizano wa mipingo ya Reformed padziko lonse unavomereza nawo m'chaka cha 2017.

Chondimvetsa chisoni n'chakuti malonda aja abwereranso atavala zovala zina, ndipo afika m'midzi ndi m'matauni mwathu. Mwamva pa wailesi, mwaona pa Facebook ndi pa WhatsApp: fesa mbewu ya ndalama zakutizakuti kuti banja lako likonzeke, gula madzi kapena mafuta odzozedwa kuti ntchito ipezeke. Zikapanda kuchitika, amakuuza kuti mbewu yako inachepa kapena chikhulupiriro chako n'chofooka, ndiye upereke zina. Mayi wamasiye amagulitsa mbuzi yake yomaliza, n'kubwerera kunyumba ndi matenda omwe aja, kuwonjezerapo kudziimba mlandu. Abale anga, pamene Simoni wa ku Samariya anafuna kugula mphamvu ya Mzimu Woyera, Petro anamuyankha mwaukali pa Machitidwe 8:20 kuti ndalama yake itayike naye pamodzi, chifukwa anayesa kuti mphatso ya Mulungu n'kuigula. Aliyense woika mtengo pa chifundo cha Mulungu musamumvere, kaya ali ndi dzina lalikulu bwanji.

Inu amene munapemphera ndi kusala koma wokondedwa wanu sanachire, ndikuyankhula nanu ndi mtima wonse. Kusala kudya n'kwabwino, Ambuye mwini anasala. Kupita kuphiri kukapemphera n'kwabwino. Koma zimenezi si ndalama yogulira yankho. Paulo anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchoke, ndipo yankho linali lakuti, "Chisomo changa chikukwanira." Ku Getsemane Mwana wa Mulungu anapempha kuti chikho chimupitirire, ndipo anamwa chikhocho mpaka kutha. Kodi tinganene kuti pemphero lake linachepa? Lirani, pakuti kulira n'koyenera, ndipo ife tilira nanu. Koma mlandu umene Mulungu sanakupatseni musausenze.

Ndikudziwa kuti ena mwa akuluakulu athu ali ndi nkhawa. Akuti abusa, mukamaphunzitsa chonchi anthu atayirira, zopereka zitsika, achinyamata azichita zofuna zawo. Nkhawayi ndi yakale, ndipo ndikuilemekeza. Katekisima wa ku Heidelberg wa m'chaka cha 1563, amene timaphunzira m'kalasi, anafunsa funso lomweli pa nambala 64, ndipo anayankha kuti n'kosatheka kuti munthu wolumikizidwa kwa Khristu ndi chikhulupiriro choona alephere kubala zipatso za chiyamiko. Onaninso mmene Katekisimayu anakonzedwera. Gawo loyamba likunena za tsoka lathu, lachiwiri za chipulumutso, lachitatu za kuthokoza. Malamulo Khumi akufotokozedwa m'gawo lachitatu. Makolo athu m'chikhulupiriro anadziwa kuti kumvera kumatsatira chipulumutso. Ngakhale pa Eksodo 20, Mulungu asanapereke lamulo loyamba anayamba wanena kuti ndi Iye amene anawatulutsa m'dziko la Ejipito.

Zakeyu sanayambe wabweza zimene analanda kuti Yesu alowe m'nyumba mwake. Yesu anadziitanira yekha kunyumbako, anthu akung'ung'udza, ndipo pambuyo pake Zakeyu anaimirira n'kulonjeza theka la chuma chake kwa osauka ndi kubwezera kanayi aliyense amene anamunyenga. Palibe amene anamulembera lonjezo limenelo. Paulo amene anati chipulumutso sichichokera kuntchito ndi yemweyo amene pa 1 Akorinto 15:10 anati anagwira ntchito kuposa atumwi onse, koma si iye, ndi chisomo cha Mulungu chimene chinali naye. Yakobo akamati chikhulupiriro chopanda ntchito n'chakufa akunena zoona, ndipo sakutsutsana ndi Paulo. Munthu amene akuti wapumula mwa Khristu koma akumenya mkazi wake, akudya za ana amasiye, akukana kuyanjana ndi m'bale wake, ameneyo sanafike kwa Khristu. Ayenera kulapa. Koma kulapa nakonso si malipiro, n'kubwerera kwa Atate. Ndi inunso amene muli pa chilango cha mpingo, miyezi imene mukudikirayi sikugula chikhululukiro chanu. Cholinga chake n'kukubwezani ndi kukuchiritsani, ndipo mpingo ukukuyembekezani.

Chinthu china ndichenjeze, pakuti mtima wa munthu ndi wochenjera. Wina akamva zonsezi amayamba kuyeza chikhulupiriro chake: kodi n'chachikulu mokwanira? Apo wasandutsa chikhulupiriro kukhala ntchito ina yatsopano, ndipo kutopa kuja kwabwereranso. Bambo wa mwana wodwala uja pa Marko 9:24 anafuula kuti, "Ndikhulupirira, thandizani kusakhulupirira kwanga." Yesu sanamubweze kuti akakhwime kaye. Anachiritsa mwanayo. Wopulumutsa ndi Khristu, ndipo amapulumutsa ndithu ngakhale amene wamugwira ndi dzanja lonjenjemera.

Tsono za Mgonero. Katekisima wathu pa funso 81 akuti oyenera kufika pagome ndi amene akudzimvera chisoni chifukwa cha machimo awo, koma akukhulupirira kuti akhululukidwa chifukwa cha Khristu, ndipo akufunitsitsa kuti chikhulupiriro chawo chilimbe ndi moyo wawo ukonzeke. Za malonjezo a ndalama mulibemo. Buku la msungichuma lili ndi ntchito yake yoyenera, yotithandiza kusamala za nyumba ya Mulungu mokhulupirika, ndipo amene Mulungu wakudalitsani perekani mokondwera. Koma munthu asakhale kunyumba tsiku la Mgonero chifukwa chimanga sichinachite bwino kapena ntchito inatha. Ngati pali tchimo limene likukuvutitsani, kapena m'bale amene simukuyankhulana naye, musadikire kuti muthane nazo nokha. Bwerani tikambirane ndi kupemphera limodzi tsikulo lisanafike.

Ndikupempha akulu a mpingo ndi atumiki kuti muwerenge kalatayi m'milaga yonse, ndipo mutipatse mayina a okalamba ndi odwala amene sangathe kuyenda, kuti tidzawafikire kunyumba. Amayi a Chigwirizano, pamene mukuzonda odwala sabata ino muwawerengere Mateyu 11:28-30 ndi Aroma 5:1-8. Aphunzitsi a kalasi, bwerezani ndi ophunzira anu mafunso 60 mpaka 64. Amene mukudziwa m'bale amene anasiya kubwera kutchalitchi chifukwa cha manyazi, mupite mukamutenge, mudzakhale naye pa benchi limodzi.

Moni kwa mabanja anu onse. Chisomo cha Ambuye Yesu Khristu, chikondi cha Mulungu ndi chiyanjano cha Mzimu Woyera zikhale ndi inu nonse.

Ine mtumiki mnzanu mwa Khristu,
Mbusa wanu