Lachiwiri lathu si lachiwiri lawo

Blantyre

Wokondedwa mnzanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ku Maputo. Kuno tilipo, kungoti dzuwa latiwamba mwezi uno moti usiku tikugona mazenera ali pululu. Amayi ako ndinakumana nawo Lamulungu potuluka m'tchalitchi, ali bwino, koma akuti foni yako yakhala ngati mvula ya chilimwe. Uziwaimbira, iwe.

Ndasankha kulemba kalata yaitali m'malo mwa timauthenga ta pa WhatsApp chifukwa ndili ndi pempho, ndipo ndimakudziwa. Ndikangoti "ndithandize Chipwitikizi" unditumizira kankhope koseka kenako n'kuzimirira masabata awiri. Ndiye ndiyambe ndakufotokozera momwe zakhalira, mwina chisoni chikugwira.

Teremu ino aphunzitsi athu a graphic design, luso lokonza zithunzi ndi zolemba kuti zioneke bwino, anatigawa m'magulu a anthu anayianayi. Ntchito yake inali imodzi: pangani chinthu chooneka ndi maso chomwe chingathandize munthu kuphunzira chiyankhulo cha dziko lina. Magulu ena anathamangira Chifalansa, lina linatenga Chitchaina chifukwa zilembo zake zimakongola pa pepala. M'gulu mwathu tilimo atsikana atatu ndi mnyamata mmodzi wa ku Mwanza, ndipo iyeyu ndiye anatipotoza. Anati bambo ake akhala akuwoloka malire pa Zóbuè kuyambira iye asanabadwe, koma mpaka lero akafika mumzinda wa Tete amagula zinthu poloza ndi chala. Tinaseka, kenako tinakhala chete. Mozambique watizinga kum'mawa, kummwera ndi mbali ina ya kumadzulo. Katundu wathu amatsikira ku Beira ndi ku Nacala. Mabasi opita ku Johannesburg amadutsa pa Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kenako n'kulowa mu Zimbabwe pa Nyamapanda. Komabe kusekondale chiyankhulo chakunja chomwe ena a ife tinalawako chinali Chifalansa. Tinagwirizana pomwepo kuti tipanga za Chipwitikizi.

Zomwe tinapanga poyamba ndikuchita nazo manyazi. Zinali mapositala asanu akuluakulu a A3, amitundu yowala, okhala ndi mbendera ya Portugal pakona. Liwu lililonse la Chipwitikizi tinaliika pambali pa la Chingerezi. Mawuwo anabweretsa mnzathu wina amene wakhala akuphunzira pa Duolingo, pulogalamu ya pa foni yophunzirira ziyankhulo, ndipo palibe wa ife anadziwa kuti Chipwitikizi cha pamenepo ndi cha ku Brazil. Basi tinailemba kuti ônibus, chakudya cham'mawa café da manhã. Mwina ukuseka kale, poti iwe tsiku ndi tsiku umamva machimbombo, chapa ndi mata-bicho.

Aphunzitsi anayang'ana mapositalawo nthawi yaitali. Anati ndi okongola. Kenako anafunsa kuti, "Munthu amene adzagwiritse ntchito zimenezi munamuonapo?" Anafunsanso chomwe mbendera ya Portugal ikufuna pa pepala la munthu wopita ku Tete, dziko loti linalandira ufulu mu 1975. Tinasowa pogwira.

Loweruka lotsatira tinanyamula mapositala athu kupita ku depoti ya Wenela. Safunsa anadya phula, paja amatero akuluakulu, ndipo ifeyo phulalo tinali titalitafuna kale theka. Tinacheza ndi madalaivala, makondakitala ndi amayi a geni. Amene sindidzawaiwala ndi mayi ena achikulire amene amakaoda katundu ku Tete. Anagwira positala yathu ndi manja awiri, naitembenuza uku ndi uku, n'kuti, "Ana anga, chimenechi ndikachipachika kuti? M'basi?" Kenako analoza mawu a Chingerezi n'kunena kuti iwo sukulu analekezera Sitandade 5, ndiye ngati akufunika kudutsa kaye m'Chingerezi kuti akafike ku Chipwitikizi, ulendowo ndi wa mitsinje iwiri pomwe bwato alibe.

Mawu amenewo anandilasa. Ife anayi tonse, Chichewa tikuyankhula tsiku lililonse, koma palibe ndi mmodzi yemwe anaganizapo zoika Chichewa pa pepalalo. Zinangobwera zokha m'mutu kuti chiyankhulo chakunja chimaphunziridwa kudzera m'Chingerezi, ngati kuti Chichewa sichingayang'anizane ndi chiyankhulo china popanda mkhalapakati. Pamenepo mpamene pulojekiti yathu inayambira zenizeni. Chingerezi tinachichotsamo chonse.

Mayiwo anatiuzanso zina zomwe sitikanazipeza pa intaneti. Anati pa malire penipeni ndiponso cha ku Angónia savutika, chifukwa anthu kumeneko amayankhula Chinyanja chomwechi. Mavuto amayamba akalowa mkati, kumene kuli Chinyungwe ndi Chipwitikizi, ndiponso pa zolembedwa. Moni akuti amamudziwa. Chomwe chimawadyera ndalama ndi manambala ndi masiku.

Tamvera nkhani ya masikuyi, chifukwa ndi imene yandigwira mtima kuposa zonse. Mayiwo anapangana ndi mwini sitolo kuti adzatenge katundu wawo pa quinta-feira. Anafunsa mnyamata wina m'basi kuti quinta n'chiyani, iye nati ndi "chachisanu". Mayiwo anafika Lachisanu, n'kupeza katundu atagulitsidwa dzulo lake. Mnyamatayo sananame ayi. Quinta ndi chachisanu ndithu, koma Apwitikizi amayamba kuwerenga masiku pa domingo, Lamulungu, pomwe ife timayambira pa Lolemba. Choncho Lolemba lathu iwo amati segunda-feira, tsiku lachiwiri. Lachiwiri lathu ndi terça-feira, lachitatu. Lachitatu ndi quarta-feira, Lachinayi ndi quinta-feira, Lachisanu ndi sexta-feira. Ziyankhulo zonse ziwiri zimatchula masiku ndi manambala, koma zimasemphana ndi tsiku limodzi, ndipo munthu amene wayamba kudziwako manambala a Chipwitikizi ndi amene amagwa m'mbunamo msanga. Mzungu woti amanena Thursday sangaone vuto limeneli, n'chifukwa chake m'mabuku olembedwa m'Chingerezi omwe tinaona simunatchulidwe. Ndi vuto lathulathu.

Tinatha sabata yathunthu tikulimbana ndi momwe tingajambulire zimenezi. Ine ndinayamba ndi mizere iwiri ya masiku, wina pamwamba wina pansi, ndi mivi yopingasa. Zinkaoneka ngati mawaya a magetsi osokonekera. Mnzathu wina anayesa bwalo ngati wotchi, koma anthu amene tinawaonetsa sankadziwa poyambira. Chomwe chinagwira ntchito anabweretsa mnyamata wa ku Mwanza uja, amene pa kompyuta ndi wochedwa kuposa tonse. Anajambula pa kope makwerero a masitepe asanu ndi awiri. Pa sitepe yoyamba anaikapo katchalitchi ndi kamunthu ka ku Mozambique katayamba kale kukwera, pomwe kamunthu ka ku Malawi kakadali pansi kakumanga nsapato. Pa sitepe iliyonse pali dzina la Chichewa ndi la Chipwitikizi. Titabwerera nacho ku Wenela, kondakitala wina anangoyang'ana kamodzi n'kuti, "Oho, amenewa amatitsogolera ndi tsiku limodzi." Tinakuwa ngati tagoletsa chigoli.

Positala tinaitaya. Tsopano chinthu chathu ndi pepala limodzi la A4 lopindidwa katatu, lomwe limasanduka kabuku ka tizigawo 8 mbali iliyonse, kakang'ono kokwana mkati mwa pasipoti. Tinasankha choncho kuti aliyense athe kukachulukitsa pa fotokope ya pamsika. Koma fotokope ya pamsika ndi yakuda ndi yoyera basi, ndipo apa mpamene tinayambana.

Mnzathu wa Duolingo uja ndi katswiri wa mitundu, ndipo anali atakonza zoti mayina onse achimuna akhale obiriwira, achikazi ofiira. Ukudziwa kuti m'Chipwitikizi chinthu chilichonse ndi chachimuna kapena chachikazi, o carro koma a casa. Titapanga fotokope, mitundu iwiriyo inasanduka phulusa lofanana. Iye anati tisindikize zamitundu basi, malikisi amachokera kwa aphunzitsi osati ku Wenela. Ine ndinayankha mawu ena omwe sindikanayenera kuyankha, ndipo anatuluka pa gulupu yathu ya WhatsApp masiku awiri. Ndinapita kukamupepesa ku hositelo nditanyamula mandasi. Chodabwitsa n'chakuti yankho anabwera nalo iye yemweyo: mayina achimuna ali m'kabwalo kozungulira ngati chilembo o, achikazi m'kanyumba kosongoka ngati chilembo A. Ndi bwino kuposa mitundu ija, ngakhale sindinamuuze mokweza. Pansi pake tinalembapo kuti amene anakwanitsa magulu a mayina a Mu-A, Mu-Mi, Chi-Zi ndi Li-Ma ku pulayimale asaope magulu awiri okha.

Za zilembo ndingokuuza mwachidule. Font (mtundu wa zilembo za pa kompyuta) yokongola imene tinasankha poyamba inalibe ã, õ ndi ç, moti m'malo mwake munkatuluka timabokosi. Tinasamukira ku Noto Sans ya Google, yomwe ndi yaulere ndipo ili ndi zonsezi, ngakhale ŵ wathu yemwe. Pojambula tikugwiritsa ntchito pulogalamu ya Inkscape chifukwa salipiritsa. Magetsi anatizimira kawiri tisanasunge ntchito, ndipo pa laputopu yanga pali mafayilo asanu ndi limodzi omwe onse dzina lawo likuti "lomaliza".

Kachigawo koyamba ndi komwe ndimakakonda. Tinalemba pamwamba kuti "Chipwitikizi mumachidziwa kale", ndipo pansi pake pali nsapato ndi sapato, mbatata ndi batata, kalata ndi carta, kapitawo ndi capitão, mbendera ndi bandeira. Anthu akafika pamenepa amamwetulira, mapewa n'kutsika. Tinaonjezera xima, kuti aone kuti x amamveka ngati sh ndiponso kuti nsima sadzaisowa. Mnyamata uja amafuna tiikepo kachasu ndi cachaça, koma tamukaniza poti pepalali tikufuna lizikafika ndi m'matchalitchi momwe.

Tsopano pempho langa. Mbali imene yatikanika ndi katchulidwe. Pansi pa liwu lililonse tikulemba momwe limamvekera m'kalembedwe ka Chichewa. Quanto custa talemba "kwantu kushta", amanhã talemba "amanya" poti nh wawo ndi ny wathu wa mu nyama. Koma mawu otulukira m'mphuno monga não, pão ndi cem sitikudziwa kuti tiwalembe bwanji kuti mayi a ku Wenela awatchule munthu wa ku Tete n'kumva. Palinso vuto lathu lakale la l ndi r. Kwa ife zilembo ziwirizi ndi pachibale, koma kumeneko caro ndi chinthu chodula, carro ndi galimoto, calo ndi chikang'a cha kuphazi. Munthu wofuna kunenerera mtengo akhoza kupezeka akudandaula za phazi lake.

Ndiye ndikutumizira mawu 60. Undiwerengere pa foni pang'onopang'ono, liwu lililonse kawiri, uli m'chipinda chopanda phokoso. Ngati mnzako wa kuntchito wobadwira konko angavomere kuwerenganso, zingakhale bwino kwambiri, chifukwa tikufuna khutu la anthu lizolowere Chipwitikizi cha ku Mozambique chenicheni. Mawuwo tidzawaika pa intaneti, ndipo pa kabukuko padzakhala QR code ya amene ali ndi foni yotha kutsegula. Uyang'anitsitse manambala, makamaka sessenta ndi setenta, 60 ndi 70, omwe mayi aja akuti anawapweteka kangapo, komanso dois, dez ndi doze.

Undithandizenso pa zinthu zitatu izi. Tinaona kuti mitengo kumeneko imalembedwa mosiyana ndi kwathu, 1.500,00 MT pomwe ife tikanalemba 1,500.00. Ukapita kumsika kapena m'sitolo, undijambulire timapepala ta mitengo tingapo kuti tikopere momwe zimaonekeradi, ndi zolemba pamanja zomwe. Chachiwiri, pa kachigawo ka mafomu talemba kuti apelido ndi dzina la bambo kapena la mtundu, koma mnzathu uja akuti ku Brazil liwu lomwelo ndi dzina longocheza. Titsimikizire za kumeneko, tisapezeke talembetsa munthu dzina la pabwalo la mpira pa fomu ya boma. Chachitatu, undijambulire chitseko cholembedwa puxe. Tikufuna kuchenjeza odziwako Chingerezi kuti liwulo likumveka ngati lokankha koma likutanthauza kukoka. Zithunzizo utumize ngati document, chifukwa WhatsApp ikazipanikiza zimatuluka zosaoneka bwino posindikiza.

Ndisanaiwale, ndikudziwa tsopano chifukwa chomwe unaseka nditakulembera obrigado chaka chatha. Mkazi amati obrigada. Ukanandiuza, mfiti iwe. Pa kabukuko tajambulapo bambo ndi mayi, aliyense ndi liwu lake.

Tikupereka ntchitoyi pakatha masabata atatu, ndiye mawuwo ndiwafuna lisanathe Lachisanu la sabata yamawa. Ndikunena Lachisanu lathu, sexta-feira, usadzanamizire masitepe. Dzina lako tidzalilemba kumbuyo pamodzi ndi athu, ndipo makope khumi oyamba talonjeza mayi a ku Wenela aja, omwe akuti akawagawira anzawo a m'basi ndipo akatiuza pomwe talakwitsa.

Ukamabwera pa Khirisimasi unditengere capulana imodzi, chitenje cha kumeneko, ya mtundu wa buluu ngati ilipo. Ine ndikusungira chambiko ndi ufa woyera.

Ndine mnzako wa masiku onse,
wa ku Blantyre