Zoti keke ya fondant siilowa mufuliji si zoona nthawi zonse

Akonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzipepala yanuyi ndilankhule ndi anzanga ophika makeke komanso amene amagula, pa nkhani ya kasungidwe ka keke yokutidwa ndi fondant. Pali kalamulo kena kamene timangopatsirana osafunsa n'komwe kuti kanachokera kuti, kakuti keke ya fondant siilowa mufuliji zivute zitani. Ine kalamuloka kamandidetsa nkhawa chifukwa kakhoza kudwalitsa anthu. Chimene chimalamula kuti keke isungidwe pati si fondant wapamwambayo ayi, ndi zimene mwayika mkatimo.

Fondant payekha sawonongeka msanga. Ndi shuga wosalala uja wa ayisingi wosakaniza ndi jelatini, gulukozi ndi gilisalini, ena amangosungunula maswiti ofewa aja a marshmallow n'kusakaniza ndi shugayo, ndiye pamene pali shuga wochuluka choncho tizilombo sitiswana mophweka. Ngati pansi pake mwapaka buttercream wamba wa batala ndi shuga, kapena ganache wolimba wa chokoleti, kekeyo ikhoza kukhala pamalo ozizira bwino m'nyumba masiku 2 kapena 3 popanda vuto. Koma mukayikamo kirimu wa fuleshi, cream cheese, kasitadi kapena zipatso zosaphika ngati ma sitiroberi, pamenepo palibenso zokambirana, ilowe mufuliji basi. Odziwa za ukhondo wa zakudya amanena kuti chakudya chosachedwa kuwonongeka chisakhale panja kupitirira maola 2, ndipo kunja kukatentha kupitirira madigiri 32 ndi ola limodzi lokha. Fulijiyo izikhala pa madigiri 4 kapena kutsikirako. Ndiye tangoganizani keke ya kirimu yagona pa tebulo usiku wonse chifukwa wina anati fondant amadana ndi fuliji, m'mawa ana akudya. Bola keke ichite thukuta kusiyana ndi kuti mwana atsegule m'mimba.

Mantha a anthuwo sikuti ndi opanda pake, ndikuwamvetsa. Shuga amakoka chinyezi cha mumpweya. Keke ikatuluka mufuliji ili zii n'kukumana ndi mpweya wofunda, madzi amaundana pamwamba pake ngati mmene limachitira botolo la chakumwa chozizira, ndiye fondant uja amayamba kunyezimira, kumata, mtundu wofiira kapena wakuda n'kuyamba kuyenderera kulowa pa zoyera, timizere tija munajambula ndi dzanja n'kusungunuka. Zimapweteka kuziona, makamaka ukaganiza kuti munthu unachezera usiku kusalaza m'mbali mwake. Koma vutolo lili pa katulutsidwe, osati pa kuzizira kwenikweniko.

Chitani chonchi. Ikani keke m'bokosi la katoni, katoni imamwa chinyezi, mutseke bwinobwino, ngati n'kotheka mukulunge bokosilo ndi pepala la pulasitiki lomata lija kuti fungo la anyezi ndi zina za mufuliji lisalowe, chifukwa batala amatenga fungo msanga kwambiri. Potulutsa musatsegule. Apa ndi pamene ambiri amalephera kuugwira mtima, amafuna aone kaye ngati ili bwino. Isiyeni ili chitsekere maola angapo, ikakhala yaikulu ya nsanjika imafuna nthawi yochulukirapo, kuti thukutalo likagwere pa pulasitiki ndi pa katoni osati pa keke. Ikapezeka kuti yanyowabe musaigwire chonde, musapukute ndi tishu, chala chanu chidzadindika pomwepo ndipo sichifufutikanso. Yatsani fani iziwomba pang'onopang'ono chapatali, iuma yokha.

Chinanso, kontena ya pulasitiki yotseka kuti ndii si ya keke ya fondant yomwe ili panja. Chinyezi chochokera mu keke momwemo chimasowa kotulukira ndiye fondant amafewa, timaluwa n'kuwerama. Pawindo pamene pamafika dzuwa ayinso, mitundu ngati pepo, pinki ndi buluu imasuluka msanga, ndipo buttercream wapansi akafewa ndi kutentha fondant amachita matuza n'kuyamba kutsetsereka. Keke ikadulidwa, mbali yodulidwayo ndi imene imauma, ndiye matanipo kapepala ka pulasitiki pomwepo kapena pakanipo buttercream wotsala.

Tsopano fondant wotsala mutatha kukuta keke, ameneyu ndiye amafuna zosiyana kwambiri. Mdani wake ndi mpweya. Mukamusiya pa tebulo osavundikira uku mukuyankha foni, mupeza wachita kale khungu louma, ndipo timakoko timeneto mukatikandira mkati timadzatuluka ngati timiyala pa keke yotsatira. Poyamba sankhani. Zidutswa zimene mwadula m'munsi mwa keke zokhala ndi nyenyeswa kapena buttercream musaziphatikize ndi zoyera, nyenyeswazo ndi zimene zimachita nkhungu n'kuwonongetsa mpira wonse. Ndikudziwa kuti kutaya kumawawa poti zinthuzi si zotchipa, koma kusunga kachidutswa kakuda n'kudzataya zonse kumawawa kuposa.

Woyerayo mukande akhale kampira, mumupake mafuta olimba oyera aja a shortening pang'ono chabe, mukulunge kawiri ndi pulasitiki yomata osasiya mpata, muike m'kajumbo kotseka mutafinya mpweya wonse, kenako m'kontena. Mtundu uliwonse paokha, wakuda ndi wofiira amapakira anzawo. Lembanipo deti. Sungani m'kabati mozizira ndi mwamdima, uyu safunika fuliji chifukwa alibe chomwe chingawole msanga ndipo chinyezi cha mmenemo chimangomumatitsa. Wopanga nokha mugwiritse ntchito m'masabata ochepa, wogula tsatirani zimene alemba pa paketi. Tsiku lomufuna mukapeza walimba, sengani khungu loumalo mutaye, muike mu mayikulowevu masekondi 5 mpaka 10 basi, osapitirira chifukwa shuga wotentha amawotcha manja koopsa, ndiye mukande ndi ka shortening kapena timadontho ta gilisalini mpaka afewe. Akamanunkha zachilendo kapena muona timadontho ta nkhungu, musachite kukamba zambiri, tayani.

Timaluwa ndi tizidole tomwe mwaumitsa kale, makamaka tothira tylose, ufa wolimbitsa fondant, timeneto musatikulunge ndi pulasitiki. Tikhale m'bokosi la katoni mwayala tishu, mukhozanso kuponyamo timapaketi ta silica gel tomwa chinyezi bola tisakhudzane ndi zodyedwazo.

Pempho langa lalikulu likupita kwa ife ophika. Kasitomala akamanyamula keke sadziwa chimene chili pansi pa fondant, amangoona kukongola, ndipo iye si amene analakwa akaisunga molakwika ngati sitinamuuze. Timataya maola pa duwa limodzi koma kulemba mizere itatu pa bokosi timaona ngati ntchito. Lembanipo kuti mkati muli kirimu wanji, ilowe mufuliji kapena ayi, aitulutse nthawi yanji mwambo usanayambe, ndiponso idyedwe pofika tsiku liti. Inunso ogula, wophika akaiwala mufunseni musanachoke pakhomo pake.

Ndine wowerenga wanu,
Wophika makeke