Khoti linakaniza Truman, koma tisaiwale amene anali kudandaula

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa mawu amene amamveka kawirikawiri anthu akamakambirana za atsogoleri odziunjikira mphamvu. Wina amangoti, "Ku America izi sizingachitike, malamulo awo aakulu salola," ndipo zokambiranazo zimathera pomwepo. Ine sindikutsutsa kuti malamulo awo olembedwa mu 1787 ali ndi malire omveka bwino. Chimene ndikukana n'chakuti malirewo amadziteteza okha. Nkhani ya mafakitale a zitsulo ya mu 1952 ndiyo umboni wanga, ngakhale kuti ambiri amaitchula pofuna kuchemerera makhoti a kumeneko.

Chaka chimenecho asilikali a America anali pa nkhondo ku Korea. Ogwira ntchito m'mafakitale a zitsulo ankafuna malipiro akwere, eni mafakitale ankati sangakweze pokhapokha boma liwalole kukweza kwambiri mtengo wa zitsulo, ndipo boma linkakana chifukwa linkaopa kuti katundu yense akwera mtengo. Bungwe la ogwira ntchitowo linalengeza kuti sitalaka iyamba pa 9 Epulo. Usiku wa pa 8 Epulo, Pulezidenti Harry Truman anayankhula pa wailesi ndi pa kanema kuti walamula nduna yake ya zamalonda, a Charles Sawyer, kuti atenge mafakitalewo n'kumawayendetsa m'dzina la boma. Chifukwa chake chinali chomveka ndithu: popanda zitsulo palibe zipolopolo, palibe akasinja.

Vuto linali lakuti panalibe lamulo lililonse lomupatsa mphamvu yochita zimenezo. Kunali lamulo la Taft-Hartley la 1947 limene linkalola pulezidenti kupempha khoti kuti liimitse sitalaka kwa masiku 80. Truman sankalifuna n'komwe lamulolo. Analikana pamene linkakhazikitsidwa, aphungu n'kulidutsitsa momukakamiza, ndipo kuligwiritsa ntchito kukanakhala kukhumudwitsa mabungwe a ogwira ntchito amene anamuvotera. Choposa pamenepo, pokambirana lamulo lomwelo aphungu anali ataganizirapo zopatsa boma mphamvu yolanda mafakitale pa nthawi ya mavuto, ndipo anakana.

Boma linadzikola lokha ndi pakamwa pake. M'khoti loyamba, woweruza David Pine anafunsa loya wa boma ngati pali chimene chingaletse pulezidenti pa nthawi ngati imeneyi. Yankho linali lakuti malire ake ndi awiri okha, chisankho ndi kuchotsedwa paudindo ndi aphungu. Makhoti sanawatchule. Masiku angapo izi zisanachitike, mtolankhani wina anali atafunsa Truman ngati angathenso kulanda nyuzipepala ndi nyumba zoulutsira mawu, ndipo iye m'malo mokana anangoti pulezidenti amayenera kuchita chilichonse chokomera dziko. Inu akonzi mukudziwa mmene anzanu a kumeneko anailandirira nkhani imeneyo. Pa 29 Epulo a Pine anagamula kuti kulandako n'kosemphana ndi malamulo, ndipo pa 2 Juni Khoti Lalikulu linagwirizana nawo, oweruza 6 kutsutsana ndi 3.

Woweruza Hugo Black, amene analemba chigamulocho, ananena mwachidule kuti ntchito ya pulezidenti ndi kuonetsetsa kuti malamulo akutsatidwa, osati kupanga malamulo, ndipo kukhala mkulu wa asilikali sikumupatsa ulamuliro pa katundu wa anthu wamba kutali ndi kumene kukumenyedwa nkhondo. Mnzake Robert Jackson analemba maganizo amene maloya amaphunzira mpaka lero. Iye anati mphamvu ya pulezidenti imakhala yaikulu akamachita zinthu ndi chilolezo cha aphungu, imakhala yokayikitsa aphungu akakhala chete, ndipo imatsikiratu akamachita chimene aphungu anakana. Awiri mwa oweruza amene anamutsutsa Truman, a Tom Clark ndi a Harold Burton, anawasankha yekha, ndipo a Clark anali atakhalapo loya wamkulu wa boma lake. Tsiku lomwelo Truman anabweza mafakitalewo. Pamenepa ndimupatsa ulemu wake, chifukwa khoti lilibe asilikali, ndipo akanafuna kuzengereza akanatha.

Apa ndi pamene ochemerera amaimira. Ine ndikupitirira, chifukwa funso lakuti wodandaula anali ndani ndi lalikulu. Anali makampani olemera kwambiri m'dzikomo, ndipo loya wawo, a John W. Davis, anali munthu amene anapikisanapo pa mpando wa pulezidenti mu 1924. Wodandaulidwayo naye anali atafooka kale. Anthu anali atatopa ndi nkhondo ya ku Korea, kafukufuku wa bungwe lofufuza maganizo a anthu la Gallup wa mu Febuluwale 1952 anapeza kuti anthu 22 okha pa 100 alionse ndiwo ankakhutira ndi ntchito yake, ndipo kumapeto kwa Malichi anali atalengeza kuti saimanso. Mpanda unatchinga ng'ombe imene inali itatopa kale.

Bwererani zaka khumi m'mbuyo muone khoti lomwelo likukumana ndi pulezidenti wamphamvu. Mu Febuluwale 1942, Franklin Roosevelt anasaina chikalata chimene chinachititsa kuti anthu pafupifupi 120,000 a mtundu wa chi Japan achotsedwe m'nyumba zawo n'kukatsekeredwa m'makampu. Ambiri a iwo anali nzika zobadwira m'dzikomo ndipo sanaimbidwe mlandu uliwonse. Mnyamata wina wowotcherera zitsulo, Fred Korematsu, anakana kupita, anamangidwa, ndipo nkhani yake inafika ku Khoti Lalikulu. Mu Disembala 1944 khotilo linati boma silinalakwe. Oweruza analinso 6 kutsutsana ndi 3, ndipo wolemba chigamulocho anali Hugo Black yemweyo. Munthu amene anadzaona kuti nkhondo si chifukwa chokwanira chogwirira fakitale anali ataona kuti nkhondo ndi chifukwa chokwanira chogwirira anthu. Jackson anali mmodzi mwa atatu amene anatsutsa.

Maloya adzandiuza kuti milandu iwiriyi ndi yosiyana, popeza Roosevelt anali ndi aphungu kumbuyo kwake pamene Truman analibe. N'zoona, ndipo ndi zimene zimandidetsa nkhawa kwambiri. Ngati malire enieni a pulezidenti ali m'manja mwa aphungu, ndiye kuti tsiku limene aphungu ndi pulezidenti agwirizana kupondereza gulu laling'ono, gululo limatsala lokha. A Cherokee, umodzi mwa mitundu ya anthu amene azungu anawapeza ku America, anaziona kale zimenezi. Mu 1832 anapambana mlandu ku Khoti Lalikulu pa nkhani ya ulamuliro wa dziko lawo m'chigawo cha Georgia, boma la Pulezidenti Andrew Jackson silinachitepo kanthu kuti chigamulocho chitsatidwe, ndipo pofika 1838 asilikali ankawathamangitsira kumadzulo, anthu zikwi zingapo n'kufera m'njira.

Tiyerekezenso nthawi imene chilungamo chinatenga. Eni mafakitale analandira katundu wawo pasanathe miyezi iwiri. Korematsu anadikira mpaka 1983 kuti khoti lifafanize mlandu wake, ndipo opulumuka m'makampu aja anapepesedwa mu 1988, pamene Pulezidenti Ronald Reagan anasaina lamulo lopatsa aliyense wamoyo madola 20,000. Khoti Lalikulu lenilenilo linadzanena poyera kuti chigamulo cha 1944 chinali cholakwika mu 2018.

Chinthu china chimene sichitchulidwa n'chakuti nkhondo ya ku Korea, imene inabala mkangano wonsewu, Truman anailowa mu 1950 popanda aphungu kuilengeza, chonsecho malamulo awo amapereka mphamvu yolengeza nkhondo kwa aphunguwo. Khoti linamuletsa kugwira mafakitale, koma pa nkhani yotumiza achinyamata kukafa kutsidya kwa nyanja palibe amene anamuimitsa. Ndipo zitsulo zimene ankafuna kuteteza zinaimabe. Chigamulo chitangotuluka ogwira ntchito ananyanyala masiku 53, mpaka pa 24 Julayi pamene malipiro anakwezedwa ndipo boma linalola makampani kukweza mtengo kuposa mmene linkalolera mu Epulo.

Wowerenga wanu,
Zomba