Tiwonetseni zomwe talemba, osati zomwe mukuona kuti n'zokongola

Kwa inu akuluakulu amene mumayendetsa pulogalamu yolemberamo khodi pa intaneti imene timagwiritsa ntchito pophunzitsa, moni. Ndalemba pano pagulu chifukwa ku inbox kwanu kukungoyankha makina, komanso vutoli si langa ndekha.

Chitulutsireni update yanu yatsopano, editor yayamba kutiwonetsa zinthu zomwe sitinalembe. Munthu akalemba < kenako -, pa sikirini pakubwera kamuvi kamodzi, ←. Akalemba := pakubwera ≔. Nayo != yasanduka ≠, ndipo == yangokhala = wotalikirapo pang'ono, moti kuti uzisiyanitse uyenera kusendeza nkhope pafupi ndi sikirini. Simunatifunse, ndipo mu settings mulibe pozimitsira. Ndafufuza paliponse.

Ndikudziwa kuti awa ndi ma ligature, zilembo zogundana zowonetsedwa ngati chizindikiro chimodzi, ndipo ma font ngati Fira Code ndi JetBrains Mono anapangidwira zomwezi. Alipo amene amawakonda, sindikulimbana nawo. Koma iwowo amasankha okha. Mu Visual Studio Code, editor.fontLigatures imabwera ili false, wofuna ndiye amayatsa. Inu mwayatsira aliyense, kuphatikizapo munthu amene dzulo lomweli samadziwa kuti variable n'chiyani.

Taonani mzere uwu wa Python: if kutentha<-5: ndipo muganizire zomwe ukunena. Ukufunsa ngati kutentha kwatsika kupitirira -5. Chizindikiro choyamba n'chofananitsira, chachiwiri ndi minus wa nambalayo. Editor yanu ikumata ziwirizi n'kuwonetsa kutentha←5, zomwe aliyense angawerenge kuti “ika 5 mu kutentha”. M'chinenero cha R zilembo zomwezo zimatanthauzadi zimenezo, koma mu Python, mu C ndi mu JavaScript ayi. Font sidziwa chinenero chimene munthu akulemba, imangoona zilembo ziwiri zagundana basi n'kuzikwatitsa. Khodiyo ikuyenda bwinobwino, koma wowerenga akunamizidwa, ndipo amene akuunika ntchito ya mnzake akuima pamzere wolondola kufunafuna cholakwika chomwe palibe.

Ku R ndiye kuli zovuta zenizeni. Wophunzira akuona x ← 5 m'chitsanzo chomwe ndaika, akuyang'ana pa kiyibodi, kamuviko sakukapeza. Akudina batani la muvi wakumanzere, kamzere kothwanima kangobwerera m'mbuyo. Wochenjera akupita pa intaneti, akukopera ← weniweni, uja wa Unicode U+2190, n'kudzamuika mu khodi. R ikukana, ikuti unexpected input. Ndiye anditumizira chithunzi cha sikirini kuti ndimuthandize. Mzere wake ndi mzere wanga zikuoneka chimodzimodzi, ndendende. Wanga ukuyenda, wake ukukana. Ndimuuza chiyani? Pa editor yanu palibe njira yoti diso lisiyanitse muvi wabodza wopangidwa ndi zilembo ziwiri ndi muvi weniweni wa chilembo chimodzi, kupatula kupita pamalopo n'kudina Backspace kuti uone ngati ugawike pakati. Ukagawika n'kutsala <, unali wabwino. Ukafufutika wonse, unali woipa. Umu ndi momwe tikuphunzitsira anthu masiku ano, kufufuta khodi kuti adziwe zomwe analemba.

Mwina kwa amene anajambula maonekedwe atsopanowa, = ndi := ndi <- n'chinthu chimodzi chovala malaya osiyana. Si choncho. FORTRAN ya 1957 inatenga = kukhala choikira chinthu mu variable. Amene anapanga ALGOL 60 sanafune kuti chizindikiro cha masamu chonena kuti zinthu ziwiri n'zofanana chizigwira ntchito yolamula, ndiye anagwiritsa ntchito :=, ndipo Niklaus Wirth anapitiriza zomwezo mu Pascal mu 1970. C ya Dennis Ritchie inasankha = poika ndi == pofananitsa, ndipo kuyambira pamenepo anthu osawerengeka atulukapo thukuta ndi if (x = 5), mzere womwe umaika 5 mu x n'kupitirira ngati kuti wafananitsa. Kusiyana kwa cholondola ndi cholakwika pamenepo ndi chilembo chimodzi, ndipo n'chilembo chomwecho chimene inu mwachibisa pochimata ndi chinzake.

Mu Go, := imabereka variable yatsopano pamene = imasintha yomwe ilipo kale. Ukalemba err := m'kati mwa if pamene umafuna err =, wapanga err wina wongokhala m'katimo, ndipo wakunja uja atsala osasintha. Timadontho tiwiri timeneto ndi timene munthu amasaka akamafufuza vutoli. Pa laputopu ya sikirini yaing'ono, ≔ wanuyo timadontho take tamamatira ku mizere, sitikuoneka n'komwe. Nawo a Python anakangana kwambiri pa := asanailowetse mu 3.8 mu 2019, mpaka Guido van Rossum anatula pansi utsogoleri mu July 2018 mkangano wa PEP 572, chikalata chopempha kuti := ilowe mu Python, utangotha. Anthu anafika pamenepo chifukwa cha zilembo ziwiri, inu n'kungozisintha maonekedwe usiku umodzi osalemba ngakhale chidziwitso.

Chomwe chikundiwawa n'choti njira imeneyi ena anadutsamo kale ndipo anabwerera. ASCII, mndandanda wopatsa chilembo chilichonse nambala yake pa kompyuta, mu 1963 inali ndi ← pa nambala 95. Mu 1967 pamalo pomwepo anaikapo underscore, _. Smalltalk inkagwiritsa ntchito kamuvi poika chinthu mu variable, ndipo kwa zaka zambiri Squeak, mtundu wina wa Smalltalk, inkawonetsa muvi pa sikirini pamene mu fayilo munali _. Ukatsegula khodi yomweyo pa editor ina, umapeza x _ 5, n'kuyamba kukanda mutu. Mapeto ake anasamukira ku :=, yomwe imaoneka chimodzimodzi kulikonse. Chinenero cha S, kholo la R, nacho chinkalola _ kugwira ntchito yomweyo, mpaka R inachotsa zimenezi mu version 1.8.0 mu 2003. APL ya Kenneth Iverson ili ndi ← weniweni, inde, koma kumeneko muvi ndi chilembo chomwe chili mu fayilo, ndipo anthu ake ankakhala ndi kiyibodi yakeyake yoti achilembere. Chimene ukuona n'chimene chasungidwa. Inu mwatipatsa muvi wa APL pa kiyibodi yopanda muvi.

Zili ngati kalaliki amene umamuuza mawu oti alembe, iye n'kumalemba ake poti akumveka bwino kwa iyeyo.

Ndipo sizikuthera pa sikirini. Tikasindikiza manotsi kuchokera pa pulogalamu yanu, mivi ija ikutuluka papepala. Wophunzira amene akutayipa kuchokera papepalapo alibe Backspace yoti ayesere, akungoona chizindikiro chomwe sichipezeka pa makina ake. Amene amaona movutikira, amene amakulitsa zilembo kuti aziwerenga chimodzichimodzi, ndiye mwawaonjezera mtolo wina. Ena ayamba kale kulemba khodi yawo kwina n'kumangobwera kwa inu kudzaiyendetsa, ndipo sindikuwadzudzula.

Sitikupempha chinthu chovuta. Zimitsani ma ligature kwa aliyense monga zinalili, muike batani mu settings kuti wofuna aziyatsa yekha. Kwa amene wayatsa, editor yanu imadziwa kale chinenero cha fayilo iliyonse, paja imapaka mitundu molingana ndi chinenerocho, ndiye ingalepherenji kusiya <- osamumata mu Python? Terminal yotchedwa kitty ili ndi disable_ligatures cursor, yomwe imamasula zilembo zikhale momwe zinalembedwera kamzere kothwanima kakafika pamenepo. Mungachite zofanana. Ndipo chilembo chilichonse chachilendo cholowa mu khodi, monga ← kapena ≔ weniweni, chizikhala ndi kabokosi kochizungulira kuti mphunzitsi achione msanga ngakhale pa chithunzi. Pa zosindikiza ndi pa zitsanzo za ophunzira ongoyamba kumene, ma ligature asamakhalepo m'pang'ono pomwe, kaya mwini wake anayatsa kaya sanayatse.

Chonde musandiyankhe kuti “tatumiza ku timu yathu”, uthenga umenewo ndili nawo kale. Pakhale munthu woti atiuze pompano zinthu ziwiri: kodi panopa ilipo njira yozimitsira imene sitikuiona, ndipo ngati palibe, batanilo libwera mu update iti?