Tiwauze bwanji makolo za ana ofuna kusanza akamaonedwa mano?

Azakhali,

Ndimagwira ntchito yosamalira mano a ana kuno ku Harare, ndipo ambiri amene amabwera ndi a mabanja akwathu a ku Mbare, Highfield ndi Mufakose. Ndikupempha nzeru pa nkhani ya ana amene chipangizo chikangolowa m'kamwa, khosi limakoka ngati akusanza, misozi n'kulengeza.

Makolo ambiri amati ndi makani. Si makani ayi. Chinthu chikakhudza kumapeto kwa lilime kapena kumwamba kofewa kwa m'kamwa, cha kukhosi, thupi limadziteteza lokha kuti munthu asatsamwe. Mwana sangaziletse, ndipo mantha amangokolezera. Zimavuta kwambiri pogwira dzino lotafunira lomwe limamera kumapeto mwana akafika zaka 6, lija likazulidwa silimeranso, poika kapepala ka X-ray, ndiponso podinda mano ndi alginate, phala lofewa lomwe likauma limasunga maonekedwe a mano.

Kumbali yathu njira zilipo. Mwana timamukhazika tsonga, chibwano chitawerama pang'ono, kuti madzi ndi malovu zisatsikire kukhosi. Timamuuza apume ndi mphuno, adzutse mwendo umodzi m'mwamba uku akuwerenga mumtima mpaka 20, maganizo achoke m'kamwa. Podinda timasankha thireyi yaing'ono yoikamo phalalo polowetsa m'kamwa, alginate wouma msanga, wosadzaza, ndipo timayamba kukanikiza kumbuyo kuti wotsala asefukire kutsogolo. Kapepala ka X-ray timatenga kakang'ono ka ana, ka saizi 0. Paipi yoyamwa malovu isagunde kumapeto kwa lilime. Ndipo timagwirizana naye kuti akakweza dzanja tiima pomwepo, osamunamiza.

Zonsezi zimaonongeka ndi zomwe zachitika kunyumba. Mwana amafika atamudyetsa phala kapena nsima mbale yodzaza, poopa kuti akazula dzino sadya. Pamene chofunika n'chakudya chopepuka, patatsala maola awiri kuti aonedwe. Wina amabwera ndi chimfine, mphuno zitatseka, ndiye apuma bwanji? Ngati dzino silikutupa kapena kumusowetsa tulo, wotereyu ndi bwino kudikira achire. Ena m'kombi monse akhala akuopsezedwa kuti ukavuta akubaya jakisoni, pofika pampando khosi lauma kale.

Chomwe chimandiopsa kwambiri ndi kumugwira mwana mwamphamvu. Agogo kapena amalume amamupana miyendo, kumugwira mutu chagada, n'kumati pitirizani adokotala. Mwana akasanza ali chagada chonchi, masanzi atha kulowa m'mapapo, ndipo imeneyo ndi ngozi yoposa dzino lobooka. Tikaimitsa ntchito kuti mwana akhale tsonga, akuluakulu amaona ngati tikumulekerera.

Palinso ntchito ya kunyumba yomwe imathandiza koma siichitika. Madzulo alionse, akatha kutsuka mano, mwana apake mswachi wofewa palilime mpaka pomwe khosi layamba kukoka, atsuke pamenepo masekondi 10 akupuma ndi mphuno. Pakatha masiku angapo malowo azolowera, asunthire m'kati pang'ono. Zimatenga milungu, ndipo mswachi azigwira yekha, kholo lingoyang'anira.

Apa ndi pomwe ndikufuna thandizo lanu, Azakhali. Anthuwa ndi makolo athu, ndipo sachita izi mwankhanza. Ajomba kuntchito, alipira kombi, ndiye kumva kuti mubwerenso sabata yamawa chifukwa mwana wakhuta kapena ali ndi chimfine kumawapweteka. Kwathu mwana sadzudzula wamkulu pamaso pa mdzukulu wake. Ndingawauze mawu otani agogo kuti amusiye mwana, iwo osaona ngati ndawachotsa ulemu? Kodi ndiziwaitanira pambali tisanayambe, kapena uthengawu uyambire kumipingo ndi kumagulu a amayi, komwe anthu amamvana m'Chichewa? Nanga bambo amene wanenetsa kuti dzino lizulidwe lero lomwe, pamene likanatheka kumatidwa mwana atakonzekera, ndimuyankhe bwanji?

Ine wanu,
Wosamalira mano a ana,
Harare