Mwana wachialubino amatengera kwa makolo onse awiri

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu za amuna amene akuthawa mabanja awo mkazi akabereka mwana wachialubino. Chaka chatha mwana wa mchemwali wanga anachira mwana wamkazi wa khungu loyera, ndipo chikuta chisanatuluke mwamuna wake anali atalongedza katundu n'kubwerera kwawo, ponena kuti kumtundu kwawo kulibe zotere.

Bamboyo analakwa, ndipo ambiri akulakwa chimodzimodzi. Mtundu wa khungu, tsitsi ndi maso umachokera ku chinthu cha m'thupi chotchedwa melanini, ndipo malangizo opangira melaniniyo ali m'tinthu ta m'maselo tosunga chibadwa timene madokotala amatitcha gene. Chialubino chofala kwambiri kuno kum'mwera kwa Africa chimayamba gene yotchedwa OCA2 ikapanda kugwira bwino ntchito. Aliyense amalandira ziwiri, ina kwa mayi, ina kwa bambo. Imodzi ikakhala yabwino, munthuyo amabadwa wakuda ngati anzake, ndipo angathe kukalamba osadziwa kuti akusunga inayo. Mwana amabadwa wachialubino pokhapokha akalandira yosagwira ntchito kuchokera mbali zonse ziwiri, ndipo kwa makolo amene onse awiri akusunga imodzi yotere izi zingachitike pa mimba imodzi mwa zinayi. Choncho palibe chifukwa chonamizira mayi chigololo kapena kuthamangira kwa sing'anga.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti pamene akuluakulu akukangana, mwana akupsa ndi dzuwa. Khungu lopanda melanini limafiira msanga, limakhakhala, kenaka pakapita zaka limatuluka zilonda zosapola pamakutu, pamilomo ndi pakhosi, zimene nthawi zambiri zimakhala khansa. Tangoganizani mwana woteroyo akukolola thonje kuchigwa cha Luangwa kopanda chipewa! Maso nawonso amanjenjemera ndipo saona patali. Ine ndili mphunzitsi ndinaona ana anzeru akutchedwa aulesi pamene vuto linali kukhala kumbuyo kwa kalasi.

Kalembera wa 2010 anapeza anthu achialubino oposa 25,000 m'Zambia muno. Ndikupempha a Unduna wa Zaumoyo kuti mafuta oteteza ku dzuwa azifika m'makiliniki a kumidzi, ndiponso kuti anamwino azifotokozera bambo ndi mayi pamodzi asanatuluke m'chipatala. Makolo nawo asadikire chilonda chikule mpaka kutumizidwa ku chipatala cha khansa cha Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, pakuti chikadali chaching'ono chimachotsedwa mosavuta.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Chipata